MPHATSO IMODZI, MANJA AMBIRIMBIRI

Masiku ano m'nyumba zathu zambiri mwalowa mlendo amene makolo athu sanamdziwe, ndiye mpikisano wa mphatso wa pa intaneti. Mayi wogulitsa zitenje, mnyamata wokonza mafoni, ngakhale kampani yaikulu, alengeza kuti adzapereka chakutichakuti kwaulere kwa munthu mmodzi mwa onse amene atumize maina awo lisanafike tsiku lakuti. Ana athu alowa, ifenso makolo tilowa, ndipo tonse tiyamba kuwerenga masiku. Tsiku lija likakwana dzina limodzi lituluka, ndipo nthawi yomweyo manong'onong'o ayamba. "Ameneyo ndi mlamu wake," atero ena. "Ujatu analowa kakhumi," ateronso ena. Chotero mphatso imene inaperekedwa kuti ikokere anthu pafupi isanduka chowabalalitsa, ndipo mwini wake atsala ndi mbiri yoipa imene sangaichape ndi sopo.

Kawirikawiri wopereka mphatsoyo sanali wonyenga ayi. Iye anangoganiza kuti kupatsa n'kosavuta, naiwala kuti walira mvula walira matope. Woitana khamu la anthu ku mphatso imodzi wadziitanira ntchito, ndipo ntchitoyo ili pawiri. Yoyamba ndiyo kupeta, monga achitira amayi ndi lichero: kupatula maina oyenera kulowa ndi osayenera, motsata malamulo amene ananenedwa poyamba. Yachiwiri ndiyo kusakaniza bwino maina otsalawo, kuti dzanja lotola lisakondere amene ali pamwamba. Imodzi mwa ziwirizi ikalakwika, maere onse aonongeka. Kuti tione bwino zimenezi tiyambe ndi maere aakulu amene ambiri a ife tinamvapo mbiri yake, kenaka tibwerere pakhomo pathu.

MAERE A ANTHU 14 MILIYONI

M'chaka cha 1990 nyumba ya malamulo ya dziko la America inakhazikitsa maere ogawira ziphaso zokakhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Dzina lake ndi Diversity Visa, koma ambiri amangoti DV. Kuyambira m'chaka cha 2003 kulembetsa kwake kunasamukira pa intaneti. Ife tikamba za maere amene kulembetsa kwake kunatsegulidwa pa 5 Okotobala 2010 ndi kutsekedwa pa 3 Novembala chaka chomwecho. Ziphaso zinalipo 50,000, koma olembetsa anaposa 14 miliyoni, ndipo anthu obadwira ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe anali m'gulu la ololedwa kulowa.

Malamulo ake anasindikizidwa khomo lisanatsegulidwe. Munthu anayenera kukhala wobadwira m'dziko lololedwa, pakuti maiko amene anali atatumiza kale anthu oposa 50,000 m'zaka zisanu zapitazo, monga India, Mexico ndi Canada, sanaloledwe. Anayenera kukhala atatsiriza sukulu ya sekondale, kapena atagwira zaka ziwiri ntchito yofuna maphunziro ake apadera. Anayenera kutumiza chithunzi chatsopano, ndi kulemba dzina la mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana onse osakwatira amene sanafike zaka 21. Lamulo lolimba koposa linali lakuti munthu mmodzi alowe kamodzi kokha, ndipo wopezeka atalowa kawiri maina ake onse ankachotsedwa.

Tione kuti lichero linagwira ntchito kawiri. Choyamba, makina ankafufuza maina obwerezedwa ndi kuyerekeza nkhope za pazithunzi. Maere atachitika, wosankhidwa asanalandire chiphaso ankaitanidwa ku ofesi ya kazembe kuti akaonetse zikalata zake za sukulu, za ukwati ndi za kubadwa. Popeza ambiri ankagwa pa kupeta kwachiwiriku, ndipo ena ankangoleka okha, maina otoledwa ankakhala pafupifupi 100,000, kuwirikiza kawiri chiwerengero cha ziphaso. Kusankhidwa sikunali kulandira, ndipo zimenezinso zinanenedwa poyera anthu asanalowe.

CHIMWEMWE CHA MASIKU OCHEPA

Pa 1 Meyi 2011 zotsatira zinatuluka, ndipo anthu pafupifupi 22,000 anaona ndi maso awo uthenga wakuti asankhidwa. Tingathe kuganiza chimwemwe chimene chinali m'mabanja amenewo. Koma posakhalitsa panaoneka chinthu chachilendo. Mwa osankhidwa 100 alionse, oposa 90 anali anthu amene analembetsa m'masiku awiri oyamba, pa 5 ndi pa 6 Okotobala. Amene analembetsa m'masabata otsatira, ngakhale anasunga malamulo onse, anali atatsekeredwa kunja osadziwa. Pa 13 Meyi boma la America linalengeza kuti zotsatirazo zafafanizidwa ndipo maere adzachitikanso.

Panalibe wakuba kapena wolandira chiphuphu. Ofufuza a bomalo anapeza kuti pulogalamu yatsopano ya kompyuta imene inayenera kutola maina mwachisawawa inayamba kugwira ntchito isanayesedwe mokwanira. Ena mwa anthu 22,000 aja anapita ku khoti ku Washington, nanena kuti popeza panalibe amene anadziwiratu kuti masiku awiri oyambawo ndiwo adzapambane, mwayi unali wa onse ndithu. Woweruza Amy Berman Jackson anakana dandaulo lawo pa 14 Julayi, popeza lamulo linafuna kuti dzina lililonse likhale ndi mwayi wofanana pa nthawi yotola. M'mawa mwake, pa 15 Julayi, zotsatira zatsopano zinatuluka, zochokera m'maina onse oyenera, pamodzi ndi a iwo amene anakhumudwitsidwa aja.

Nkhaniyi itiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, maere angathe kukhala okhota popanda munthu wa mtima wokhota. Chachiwiri, madzi akatayika saoleka: kubwereza maere kunabwezera chilungamo kwa anthu 14 miliyoni, koma sikunapukute misozi ya iwo amene anali atauza kale abale awo kuti ulendo wapsa. Nthawi yoyesa makina ndi dzina lisanatuluke.

CHOLAKWA CHOMWECHO NDI MANJA

Wina anganene kuti vuto ndi kompyuta, ndipo kuti maere a manja salakwa. Komatu m'dziko lomwelo cholakwa chofanana chinachitikapo ndi manja, pa nkhani yoopsa koposa. Pa 1 Disembala 1969, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, boma linachita maere osankha anyamata okalowa usilikali. Masiku 366 a chaka analembedwa pa timapepala, naikidwa m'tizibulungwa ta pulasitiki, ndipo obadwa pa tsiku lotuluka msanga ndiwo anali oyamba kuitanidwa. Tsiku loyamba kutuluka linali 14 Seputembala.

Tizibulungwato tinaikidwa m'bokosi mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale kutsirizira Disembala, ndipo sitinasakanizidwe mokwanira. Miyezi ya kumapeto inatsala pafupi ndi dzanja lotola. Boma linaitana anyamata kufikira nambala 195, ndipo mwa masiku 31 a Disembala, 26 anagwa m'kati mwa nambala zimenezo. Maerewo sanabwerezedwe, koma chaka chotsatira njira inasintha: panakhala migolo iwiri, wina wa masiku ndi wina wa manambala, ndipo yonse inazunguzidwa nthawi yaitali. Mayi aliyense wothira mchere m'ndiwo adziwa kuti chothiridwa pomaliza chimakhala pamwamba ngati mphika sunatakasidwe.

WOYENERA, KOMA WOSAYENERA KULOWA

Palinso funso lina la pa lichero, ndipo yankho lake tilitenga kufupi, ku Harare. Mu Januwale 2000 banki ya Zimbank inachita maere a makasitomala amene anasunga madola 5,000 a ku Zimbabwe kapena kuposerapo m'mwezi wa Disembala. Mphatso yaikulu inali madola 100,000. Dzina limene linatuluka linali la Robert Mugabe, amene anali mtsogoleri wa dzikolo, ndipo boma lake linali ndi gawo m'bankiyo. Mwa malamulo a mpikisanowo iye anali woyenera monga kasitomala wina aliyense. Koma nkhaniyo inamveka dziko lonse lapansi, ndipo ochuluka anaimva akupukusa mitu.

N'chifukwa chake mipikisano yolongosoka imaletsa eni ake, antchito awo ndi a m'banja mwawo kulowa. Sikuti anthu amenewa ndi akuba. Chifukwa chake n'chakuti iwo akapambana, ngakhale mwachilungamo chenicheni, palibe amene adzakhulupirire. Maere ayenera kukhala oongoka, ndiponso ayenera kuoneka oongoka kwa munthu amene waluza, pakuti oluza ndiwo ambiri.

TIBWERERE PAKHOMO PATHU

Tsono tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa nsalu m'tauni afuna kupereka zitenje zitatu kwa munthu mmodzi, ndipo aitana anthu pa intaneti kuti atumize maina. Kodi achite chiyani kuti mawa asadzayende chowerama pamsika?

Ntchito yake yoyamba ndi kulemba malamulo asanalandire dzina ndi limodzi lomwe. Anene mphatsoyo momveka, kuti ndi zitenje zitatu osati ndalama. Anene tsiku ndi ola lotsekera. Anene oyenera kulowa: a zaka 18 kapena kuposerapo, okhala kumene iye angathe kufikitsa katunduyo. Anene kuti a m'nyumba mwake ndi omuthandiza m'sitolo sadzalowa. Anenenso chimene adzachite ndi wolowa kawiri, kaya kusunga dzina loyamba lokha, kaya kuchotsa onse monga ankachitira a DV. Njira zonse ziwiri n'zabwino, malinga zanenedwa poyamba. Choipa ndi lamulo lobadwa maina atafika kale, pakuti lamulo lotero limasokedwa poyeza msinkhu wa munthu wina.

Ola lotsekera likakwana akopere maina onse m'kaundula, monga momwe anafikira, osachotsapo kapena kuonjezapo. Tinene kuti apeza maina 360. Tsopano atenge lichero. Maina 24 anafika ola litapita. Maina 41 ndi obwereza, ndipo 14 mwa iwo ndi a mnyamata mmodzi amene analowa maulendo 15. Anthu 12 ali kunja kwa dera limene linanenedwa, ndipo atatu ndi ana a mlongo wake. Atsala maina 280. Pa dzina lililonse lochotsedwa alembe chifukwa chake pambali, kuti wodandaula akabwera aonetsedwe kaundula m'malo mopatsidwa mawu okoma. Wina angafunse kuti kubwereza dzina kuli ndi vuto lanji. Vuto lake ndi ili: mnyamata uja akadasiyidwa, mwayi wake ukadaposa wa gogo amene analowa kamodzi maulendo 15, ndipo gogoyo akadalangidwa chifukwa cha kumvera.

Komabe tichenjere, pakuti wopeta mwaukali amataya mphale pamodzi ndi gaga. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo anthu awiri a dzina limodzi sali munthu mmodzi. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo bambo, mayi ndi mwana wamkulu onse alowera pomwepo. Mayi wa nsalu ayenera kuneneratu ngati awerenga munthu kapena nambala ya foni, ndipo pamene akayika afunse asanachotse. Amene walakwitsa kalembedwe ka mawu asachotsedwe, ngati malamulo sananene kuti mpikisanowo ndi wa kalembedwe. Lichero lichotse zokhazo zimene lamulo linatchula.

POTOLA DZINA

Maina 280 aja apatsidwe manambala kuyambira 1 mpaka 280. Ngati atola ndi manja, timapepala tikhale tofanana kukula, topindidwa mofanana, tiikidwe m'ndowa yokhala ndi malo, ndipo ndowayo ivundikiridwe ndi kukhutchumulidwa kolimba, pokumbukira anyamata a Disembala aja. Wotola akhale munthu wosalowa mpikisano, atembenuze nkhope, ndipo pakhale mboni ziwiri zimene zilibe gawo pa mphatsoyo. Ngati agwiritsa ntchito pulogalamu yotola manambala, ayambe waiyesa kambirimbiri tsiku lisanafike, aone ngati itulutsa manambala a kumayambiriro, a pakati ndi a kumapeto omwe. Kujambula zonse pa kanema wa foni, kuyambira poonetsa kaundula kufikira dzina litatuluka, kumatseka pakamwa pambiri.

Atole kamodzi kokha. Yesero lalikulu limabwera pamene dzina lotuluka lili la munthu amene sitimkonda, kapena amene sanagulepo kanthu m'sitolo, ndipo mtima unong'oneza kuti titolenso, palibe waona. Wotola kawiri sanachite maere koma wasankha yekha, ndipo anthu 279 awagwiritsa ntchito ngati chophimba. Chololedwa ndi kutola dzina lachiwiri ndi lachitatu nthawi yomweyo, pamaso pa mboni zomwezo, kuti akhale odikira ngati woyamba apezeka wosayenera kapena sayankha m'masiku amene ananenedwa. Umboni wa zaka ndi wa kumene akhala aufune kwa wopambana yekha. Manambala a foni a anthu onse aja ndi chinthu chosungitsidwa: asawaonetse poyera, asawagulitse, ndipo asawasandutse njira yotumizira malonda popanda chilolezo cha eni ake.

CHIFUNDO NDI CHILUNGAMO

Pali mlandu umodzi umene uvuta anthu a mtima wabwino koposa onse. Mwa maina 24 ochedwa aja muli la mayi wamasiye amene mwini nsalu amdziwa bwino. Anachedwa ndi mphindi khumi zokha chifukwa magetsi anazima ndipo foni inatha moto. Ana ake avala zigamba. Kodi dzina lake lisalowe?

Ife titi lisalowe, ndipo sititero mopepuka. Mwini nsalu adziwa chifukwa cha mayiyu popeza ndi mnansi wake, koma sadziwa zifukwa za ena 23 aja, ndipo mwina pakati pawo pali wosauka koposa. Akatsegulira mmodzi khomo la kuseri, wayamba kugawa mwayi potsata chinansi, chimene ndi chomwecho anthu amamkayikira nacho. Komanso mwayi umene angampatse mayiyo si wake, koma ndi wa anthu 280 amene anasunga nthawi. Ngati chifundo chamgwira, njira ilipo yoongoka: atenge chitenje china pa alumali yake, apite nacho yekha kwa mayiyo madzulo. Chifundo chichoke m'thumba la mwini, pakuti kupatsa ndi za eni ake si kupatsa.

Ndipo ngati cholakwa chipezeka dzina litatuluka kale, monga kuti tsamba lina la kaundula linaiwalika, anene poyera tsiku lomwelo, apepese, ndipo achitenso maere ndi maina onse oyenera. Ngati angathe, amene anauzidwa molakwa kuti wapambana am'patse kanthu kompepesa. Kubisa kumaoneka kotsika mtengo lero, koma chinthu chodziwika kwa anthu atatu sichikhala m'nyumba.

MAWU KWA IFE OLOWA

Ambiri a ife sitidzachititsa mpikisano, koma tidzalowa, ndipo ifenso tili ndi mbali yathu. Tiwerenge malamulo tisanatumize dzina. Tisalowe ndi maina a ana, a akufa kapena opeka, pakuti kutero ndi kuba mwayi wa mnzathu ngakhale palibe chogwirika chimene tanyamula. Makolo tiyang'anire ana, amene amafulumira kupereka dzina, chithunzi ndi kumene akhala kwa munthu wosamdziwa chifukwa cha lonjezo la foni yatsopano.

Tidziwenso kusiyanitsa mphatso ndi msampha. Mphatso yeniyeni silipiridwa. Uthenga wonena kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe, wofuna kuti muyambe mwatumiza ndalama za mtengatenga kapena munene nambala yanu yachinsinsi, ndi wa mbala. M'zaka za DV zija akathyali ambiri ankatumiza makalata otere m'dzina la boma la America, pamene bomalo linali litanena kuti munthu aziona yekha zotsatira ndi nambala imene anapatsidwa polembetsa. Ndiponso pamene munthu agula tikiti kuti alowe, imeneyo sikhalanso mphatso koma yalowa m'gulu la njuga ndi maere a ndalama, zimene zili ndi malamulo ake a boma. Ku Malawi zimenezi ziyang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wamalonda wanzeru ayambe wafunsa kumeneko asanalengeze mpikisano womangirira pa kugula katundu.

Pomaliza, tiphunzire kuluza. Mwa anthu 280, oluza adzakhala 279, ngakhale maere ataongoka chotani. Kunena kuti kwachitika chinyengo popanda umboni ndi kuipitsa dzina la munthu amene anangofuna kupatsa. Ngati tili ndi chikayiko tipemphe kuona kaundula, ndipo wochita bwino sadzatikaniza.

Mayi wa nsalu uja akatsata njira imeneyi adzataya madzulo awiri kapena atatu pa kaundula ndi timapepala, chifukwa cha zitenje zitatu zokha. Ena adzamseka kuti achita ngati agawa munda. Koma zitenjezo zidzapita kwa munthu mmodzi ndipo m'zaka zochepa zidzasuluka, pamene anthu 279 aja adzapitirira kudutsa pakhomo pa sitolo yake tsiku ndi tsiku. Akadzalengeza mpikisano wina chaka chamawa, iwo ndiwo adzauze anzawo ngati kuli koyenera kutumiza dzina.